Ukwati wathu unali wongonamiza mwininyumba

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 47, telala. Sukulu ndinalekezera ku pulaimale, ndiye mundikhululukire ndikalemba mokhota.

Ine ndi Tuca, bambo mnzanga, tinakulira limodzi. Iye amaphika m'sitima yapamadzi yopita ku chilumba cha Santo Antão. Chaka chatha tinkafuna nyumba yokhala awiri, ndipo tinaipeza kwa Nha Bibia, mayi wamasiye wa ku Monte Sossego, kuno ku Mindelo. Koma iwo anati, "Osakwatira sindiwafuna, amasandutsa nyumba bala. Apabanja okha." Tuca anangondigwira dzanja n'kuti, "Ndiye mwawapeza, Nha Bibia. Uyu ndi wanga." Ine ndinangogwedeza mutu kuvomera. Mayiwo anatiyang'ana n'kuti, "Bola musamamenyetse zitseko."

Ine ndimasamala zinthu. Ndinagula mphete ziwiri, ndinakonzanso nkhani ya momwe tinafunsirana kuti tisamasiyane ponena. Nha Bibia atati banja losakangana ndi lokayikitsa, tinayamba kukangana dala pamasitepe. Tuca amakuwa kuti, "Iwe nkhalamba, masokosi anga wabisa kuti?" Ine n'kuyankha, "Ali pomwe unawaponya, mlesi iwe." Tikalowa m'nyumba timaseka mpaka misozi.

Vuto n'lakuti kwa ine silinso sewero. Sitima ikachedwa ndimasoka mokhota. Ndinamusokera malaya osamuyeza, anamukwana ndendende. Iyenso m'mawa amandikazingira kachupa, chakudya chathu cha chimanga ndi nyemba, pamodzi ndi dzira ngakhale Nha Bibia sakuona, koma mwina ndi chifundo chabe poti ndimadwala m'mimba. Timadziwana kuyambira kale kuti tonse mitima yathu imakonda amuna, koma za awirife sitinakambepo.

Tsopano Nha Bibia akusamukira kwa mwana wawo kunja, ku Rotterdam. Nyumba akusiyira mdzukulu wawo, yemwe zamaukwati alibe nazo ntchito. Sabata yatha Tuca anati, "Ndiye kuti ukwati watha, aise? Msuweni wanga ali ndi chipinda ku Porto Novo, kutsidya ku Santo Antão." Anaseka, nanenso ndinaseka. Msuweniyo akufuna yankho mwezi uno. Ndikaulula n'kukanidwa, nditaya mnzanga wapaubwana. Ndikakhala chete, apita. Nditani?

A. F., Mindelo

Bambo A. F.,

Pepani, ndaseka. Amuna awiri aimvi akwanitsa kunamiza mayi wamasiye chaka chonse, koma kuuzana zoona kukuwakanika.

Tamvetserani bwino mawu a Tuca. Sananene kuti akupita. Anakufunsani funso, inu n'kuliyankha ndi phwete. Mwina naye akuopa ngati inu nomwe. Sindikulonjezani kanthu, mtima wa mnzako ndi tsidya lina, koma munthu wofunitsitsa kusamuka safunsa, amamanga katundu.

Musadikire kutha kwa mwezi. Sankhani tsiku lomwe sali pantchito, nonse musanamwe kanthu, ndipo mupite kutali ndi nyumba ija poti inazolowera masewero. Musaloweze mawu. Momwe ndakumverani, mukhoza kumukonzera ndi mayankho ake omwe. Ingonenani kuti, "Tuca, sindikufuna upite, ndipo si chifukwa cha nyumba." Kenako tsekani pakamwa, alankhule iye. Akaseka, inu musaseke nawo.

Akati ayi, zidzawawa, koma ubwenzi wa zaka zonsezi sungafe chifukwa chomva kuti ukukondedwa. Mudzamuperekeze kudoko monga mnzake. Akati inde, yambani pang'onopang'ono ngati achinyamata, chifukwa chibwenzi munachidumpha.

Koma fulumirani, bambo. Mwalemba dzina lake lenileni, ndipo ku Mindelo matelala okhala ndi wophika wa m'sitima si ambiri. Tuca asamve kuti mumamukonda powerenga nyuzipepala yokulungira nsomba.

Aphungu