Chipinda cha kumapeto

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, alamu ndi ana omwe. Kuno tilipo.

Mvula yayamba bwino. Msewu ndi matope okhaokha, ndiye madalaivala a malole akumagona kunyumba yathu ya alendo mpaka kunja kuume. Mabulangete sakuuma pachingwe. Mango akugwa okha kuseri kwa khitchini, alendo akungotola.

Zipinda zonse zadzaza, kupatula chanu chija cha kumapeto. Dzulo wogula mbuzi wina anachonderera kuti agonemo, koma ababa anakana, akuti denga likudontha. Achimwene, dengalo anakonza okha mwezi watha. Anakwera makwerero mopumira, chifuwa chija chisakuwapatsa mpata. Ine ndalowamo kukugwa chimvula, pansi pali pouma gwa. Anamzeze amanganso chisa pakhonde lake, ndipo ababa aletsa kuchigwetsa. Akuti mbalame yokumbukira kwawo sathamangitsa.

Za mawu munasiyana nawo aja sakambanso. Dzina lanunso satchula, koma basi ikaima pamsewu amasiya chilichonse chili m'manja.

Ine sindikunena kanthu. Ndangochapa makatani a m'chipindamo.

Ndine mlongo wanu wotsala pakhomo.