Maso a Bambo Pachipala

Amayi anga, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Kuno ku Kasinje kwatentha, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Ndayamba kulemba dzuwa lili pamutu, nditakhala pansi pa bwemba uja wa kuseri kwa chipala cha Bambo.

Achemwali a Esitere anabereka mwana wamkazi, ndipo chipumi ndi chanu ndithu. Chimanga chinadzadza nkhokwe, koma thonje linatha ndi mbozi. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri. Khadi lanu la chipani ndinalipeza m'buku la nyimbo, ndangolisiya momwemo.

Koma chimene ndakulemberani ndi cha Bambo. Chichokereni inu, moto wa pachipala sunayake. Ankangokhala pakhonde, manja ali m'maondo. Mwezi watha mlongo wanu, malume Yohane, anabwera nanena Bambo akumva, "Mkamwini wopanda mkazi, wosagwiranso ntchito, akudikira chiyani pamudzi pano? Tiwasudzule mvula isanagwe, azipita kwawo." Inu mukudziwa kuti kwawo ku Tsangano kunatsala manda okha. Ine ndinangowerama. Paja munkati mawu anga amathera m'khosi.

Sabata yatha kapitawo wa ku esiteti ya fodya anafika akukoka kavalo wotsimphina. Nsapato zake zachitsulo zinali zitaperepeseka, ina inagwa panjira. Anati anamva kuti kuno kuli munthu amene anaphunzira ntchitoyi pa famu ku Halale. Bambo anasisita mwendo wa kavaloyo, anakweza chiboda n'kuchiika pabondo, anachipapasa nthawi yaitali. Kenaka anati, "Nelesi, tenga makala."

Chitsulo chatsopano panalibe. Kapitawo anabwera ndi nsapato zakutha m'thumba, ndiye Bambo anati azilumikiza ziwiriziwiri pamoto kuti patuluke imodzi yolimba. Anandikhazika pa mvukuto, pamalo panu. Ali kukonza makala, anandinong'oneza, "Mwanawe, maso anga anachita chifunga kalekale. Mtundu wa chitsulo pamoto sindiuona. Amako ndiwo ankandionera."

Amayi, apo m'pamene ndinazindikira. Zaka zonsezi ndinkamva mukukuwa kuti, "Tsopano, a Nyoni!" ndipo akazi a kuchitsime ankakunenani kuti mumakalipira mwamuna pagulu. Inenso ndinkachita nanu manyazi. Mundikhululukire.

Bambo anandifotokozera kuti chikafiira ndisanene kanthu, iwo awazapo mchenga. Chikayera n'kuyamba kulavula timoto, ndinene msanga, chifukwa chikachedwa chimanyeka. Ndinavukuta, chinafiira, chinayera. Ndinasiya mvukuto, ndinagwada bwinobwino monga munandiphunzitsira, ndinati, "Bambo, pepani, ndikuona ngati mwina chafikapo." Pomaliza ine mawuwo chitsulo chinali chitanyeka. Atachimenya chinangoyoyoka.

Kachiwiri sindinagwade, koma ndinanena chapansipansi, ndipo mawu anamira m'phokoso la moto. Chinanyekanso. Anthu anali atasonkhana kudzaona kavalo. Malume, atakhala pachipika, anaseka nati, "Achimwene a kapitawo, mwalondola msuzi wa dzana. Uyu nyundo inamukana." Kapitawo anayamba kumasula chingwe pamtengo. M'thumba munatsala zokwanira nsapato ziwiri zimene kavaloyo ankasowa, osaposa.

Bambo sanandikalipire. Anapukuta thukuta nati, "Dikirani pang'ono, akulu." 

Ndinavukutanso. Chinafiira, anawaza mchenga. Chitayera, kamoto koyamba katangothetheka, sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Tsopano, a Nyoni!" Nkhuku zinabalalika, kavalo anadzidzimuka. Bambo anasolola chitsulo, anachiika pa chidutswa cha njanji chosulirapo chija, nyundo n'kumagwa ngati kale. Zitsulo ziwiri zinagwirana, mzere wosaoneka. Madzi amene ankatsika m'masaya mwawo sanali thukuta lokha.

Zotsalazo manja awo amazidziwa okha. Anapinda, anaboola mabowo a misomali, anayeza pachiboda chitsulo chikadali chotentha mpaka utsi wonunkha ngati tsitsi lowauka unatikuta. Pa nsapato inayo ndinakuwanso, osachita manyazi. Anakhoma misomali akupapasa ndi chala. Kavalo anayenda kukafika pamsewu osatsimphina, ana akumuthamangira.

Malume anadzuka pachipika paja. Ponyamuka anangoti, "Iwe Nelesi, ndimayesa mlongo wanga wadzuka." M'mawa mwake ndinawapeza pakhomo ndi khasu lothyoka. Sanandiyang'ane kumaso. Anati, "Uwauze bambo ako andikonzere, mvula ili pafupi." Za kusudzula sanazitchulenso. Sindikudziwa ngati zatheratu, koma khasulo tawakonzera, ndipo abweretsanso nkhwangwa.

Za maso a Bambo sindinauze munthu, ngakhale achemwali. Dzulo kuchitsime ndinamva wina akuti mwana wofatsa uja watengera mwano wa amake. Ndinasenza ndowa yanga ndikumwetulira.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani. Pamvukuto panu sindichokapo. Masiku onse amene Bambo adzagwire nyundo, ndidzawaonera, ndipo ndidzakuwa kuti mudzi wonse umve.

Ndamaliza lero Lachinayi, dzuwa litapendeka cha m'ma folo koloko. Bambo akundiitana, makala ayaka.

Ndine mwana wanu,
Nelesi