Chigongono cha Abwana pa Tebulo la Wotchi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Nanga mwendo wa amayi uja ukupezako bwanji? Ine kuno thupi lili bwino, mtima wokha ndiwo uli ndi mawu.

Mumandifunsa kawirikawiri chomwe ndimachita mu labu muno, mochitira kafukufuku wa sayansi. Tikupanga wotchi, koma si yovala pamkono. Ndi tebulo lalikulu lachitsulo lodzaza timagalasi, pakati pali kabokosi kochotsedwa mpweya wonse, momwe timasungamo maatomu, tinthu tosaoneka ndi maso, ozizira kwambiri. Mawotchi ena amaunika maatomu otere ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa leza kuti apeze nthawi. Ife tikufuna maatomu eni ake azitulutsa kuwala kosagwedezeka, kuwalako kukhale muyeso wa nthawi. Ndalimbana nayo chifikireni kuno, ndipo mwezi wathawu kuwala kunayamba kukhazikika. Misozi inandituluka, achemwali.

Ndiye tili ndi abwana athu, timawatcha a Chodziwadziwa. Tayi wonenepa, mawu ambiri, koma labu amaidziwira pakhomo. Atamva kuti zatheka, anaitana alendo ndi atolankhani. Anaima kutsogolo n'kumangoti wotchi yanga, nzeru zanga, ine ndili kumbuyo ngati ndasochera. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pofuna kuoneka bwino pachithunzi anatsamira tebulo, chigongono n'kugunda kagalasi komwe ndinavutika nako kuwongola. Kuwala kunazima pomwepo. Iwo osachita n'komwe manyazi, akuti mayiyu sanamangitse, akuphunzira kumene. Alendo anaseka. Wonenayo ndi munthu woti ngakhale poyatsira makinawo sapadziwa.

M'mawa mwake anandiitanira ku ofesi. Akuti ndikonze msanga, komanso pa lipoti la zotsatira dzina langa likhala kumapeto kuti ndiphunzire kudzichepetsa. Ndinawayankha mwaulemu kuti popeza wotchiyo ndi yawo, aikonze okha. Anangoyamba kuseweretsa tayi wawo. Mpaka lero tebulo lili zii, iwo akungolizungulira manja ali kumbuyo kuopa kukhudza.

Nditaona zimenezi ndinafunsira ntchito kwina, ndipo labu ina ya mumzinda wakutali yandilandira, ndinyamuka mwezi wamawa. Kumeneko ndikayambira pansi, m'kachipinda kamodzi kogona ndi kuphikira momwemo.

Pempho langa ndi la mwana wanga. Ndinamulonjeza kuti sukulu ikatsekera abwera kudzakhala nane, koma chaka chino sizithekanso. Chonde pitirizani kundisungira. Musamuuze inu, ndimuimbira ndekha Lamlungu kuti amve kwa mayi ake. Akatha kulankhula nane mukhale naye pafupi, paja iye akakhumudwa salira, amangosiya kudya.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Mwana wangayo mumukumbatire kaye osamuuza chifukwa.

Ndatha ine mng'ono wanu,
Kafunsefunse