Madzi m'chigubu cha petulo

Lolemba, 10 Marichi

Galimoto yayamba kudwala. M'mawa a bambo a Nunu atayiliza inangonjenjemera ngati munthu wa malungo, kenako zii. Kachitatu inalira, koma ikuyenda modukiza, akaponda moto imatsamwa. Ine mtima uli m'mwamba. Nunu wanga ali ndi mphumu, akabanika timathamangira kuchipatala pa galimoto yomweyi. Kuno basi imadutsa kawiri kokha pa tsiku.

Lachiwiri, 11 Marichi

Amakaniko abwera. Atsegula boneti, atchera khutu, akuti, "Ikutsimphina iyi." Achotsa mapulagi onse anayi, akuda bii, ayika atsopano. Atandiwona pakhonde akuti, "Mayi, galimoto iyi ndi yaikulu kwa inu, muziipatsa moni wogwada." Onse kuseka. Ine mano okha.

Yayenda bwino mpaka pa geti. Pa geti yazima.

Lachitatu, 12 Marichi

Mulungu wanga. Ndine.

Lero atsuka kabuleta, ayesa mawaya limodzilimodzi, asintha sefa ya mafuta, palibe chasintha. Ndiye amakaniko akufunsa, "Achimwene, petulo wanu ndi wabwino?" A bambo a Nunu akuti, "Ndimagula ndekha, m'chigubu changa chofiira. Chigubu chimenecho palibe amachigwira pakhomo pano."

Ine ndinali pa chingwe kuyanika zovala.

Loweruka lapitali madzi anasiya pampopi, Nunu atasanzira zofunda zonse. Ndowa zathu ziwiri sizinakwane. Chigubucho chinali chopanda kanthu, ndinakatungira madzi ochapira kwa aneba. Ndinakhuthula, inde, koma ndikukumbuka bwinobwino kuti pobweza pamalo pake pansi pankamveka khuchukhuchu. Ndinati auma okha. Lamulungu a bambo a Nunu anakagulira petulo momwemo n'kuthira m'thanki.

Mwina si zimenezo. Timadzi tochepa choncho tingaphe galimoto? Ndikanapitirira sukulu bwenzi ndikudziwa.

Lachinayi, 13 Marichi

Sindinawauze a bambo a Nunu. Ndinafika mpaka pakhomo, ndinawawona nkhope, ndinabwerera. Anandiletsa kale za chigubucho, kawiri konse. Akakwiya satukwana ayi, amangokhala chete sabata yathunthu, nyumba n'kuzizira.

Amakaniko akuti zazing'ono zonse ayesa, mawa aphwasula injini. Akaitsegula ndiye masabata awiri galimoto ili pa miyala.

Masabata awiri! Nunu wayamba kutsokomola kouma kuja. Ndamupopera mankhwala kanayi, kabotolo kapepuka. Akapuma, pakati pa nthiti pakulowa m'kati. Wandifunsa za galimoto, "Amama, pipi wachira?" Ndamuyankha kuti mawa.

Lachisanu, 14 Marichi

Ndikulemba pa benchi ya kuchipatala.

M'mawa Nunu anadzuka akulira mluzu pachifuwa, phala anakana. Panja amakaniko anali atayala kale zipanala pa thumba, atamasula mabawuti awiri. Ndinatuluka mwana ali kumsana, ine wopanda nsapato.

"Musamasule! M'petulo muli madzi. Ndinatungira madzi m'chigubu chija."

A bambo a Nunu anangondiyang'ana. Amakaniko anaika chipanala pansi, akuti, "Mayi, thamangani, botolo loyera." Ndinabweretsa la mafuta ophikira lotsuka. Anazula kapaipi, petulo n'kumathira m'botolomo, analiimika padzuwa. Tonse atatu maso pomwepo. Pang'onopang'ono zinagawikana, petulo pamwamba, madzi pansi, zala ziwiri.

"Masiku atatu ndikufuna mfiti m'injini, kusadziwa kuti gogoyu wangomwa madzi," anatero amakaniko. Palibe anaseka.

Amakaniko anamanga mabawuti aja, anakhuthula thanki yonse m'beseni langa, anakoka petulo wa m'galimoto yawo ndi paipi n'kuthira mwathu. Ine ndikungowerenga mpweya wa mwana kumsana. Milomo yake inali itayamba kuda.

Galimoto inalira atayiliza kachiwiri. Pa chitunda inatsamwa kamodzi, ndinatseka maso, inakwera.

Nunu amulowetsa, amuveka chopumira kumaso. Ati tidikire panja.

A bambo ake sanandiyankhulebe chichokere kunyumba. Koma benchi ndi yaitali, malo ali mbwee, ndipo abwera kudzakhala pafupi nane, phewa kukhudza phewa. Manja awo akununkha petulo.

Chitseko chatseguka. Anamwino akutikodola.