Kachipewa ka Tiyanjane

Lachisanu, mwezi wa Juni. Mtima sunakhalebe pansi.

Ndinapita ku boma kukagula sopo ndi mafuta ophikira, mwana wanga Tiyanjane ali kumsana. Tili m'shopu, kachipewa kake kaubweya kanagwa. Mayi wina wovala bwino, amene sindinamuonepo kuno ku Chadiza, anakatola. Ndinatambasula manja onse awiri ndikuthokoza, koma iye anayamba kukanunkhiza, maso ali pa mwana, kenaka n'kukaponya m'chikwama chake.

"Amayi, bwezani chipewa cha mwana," ndinatero.

"Ndikugulirani chatsopano," anayankha. "Dzina lake ndani?"

Dzina la mwana wanga amalifuniranji? Ndinamutsomphola chikwamacho n'kukhuthulira zonse pansi, anthu akuona. Sanakalipe, ngakhale manyazi analibe. Anangomwetulira.

Bambo a Tiyanjane akuti mwina mayiyo anaferedwa mwana, ndikanamumvera chisoni. Akutero chifukwa maso aja sanawaone. Ngati ndi maliro akalirire kwawo, osati pa thukuta la mwana wanga.

Kachipewako ndakachapa kawiri, koma manja akukanabe kumuveka. Mphepo ya Juni yalusa, ndipo china alibe.