Kapitawo wa pamkono pa ababa

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Mtakataka tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino lanyanya, nkhuku zomwe zikuyenda kukamwa kuli yasa.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa mlongo wanga Fabiano anabereka mwana wamkazi ku Lilongwe kuja, ndipo tinamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe, kulongolola nako wayamba kale. Mpunga tinakolola bwinoko. Mtengo wa mango wa kuseri kwa bafa, uja munkaunena kuti ndi waulesi, wabereka mpaka nthambi kuthyoka. Kaya unkakuopani, kaya unkadikira kuti muchoke kaye.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya ababa. Chichokereni inu, anasiya kumwa madzi. Ine sindinazindikire msanga, mpaka tsiku lina anagwa kudimba ndipo tinathamanga nawo kuchipatala ku Mua. Anawaika diripi, n'kutiuza kuti m'thupi mwawo munauma. Anamwino anati munthu akakula, ludzu salimvanso bwino, ndipo akagwanso chonchi impso zikhoza kuwonongeka. Ndinachita mantha, amayi. Manda anu sanamere n'komwe udzu, ndiye tikumbenso ena?

Fabiano, mukumudziwa ndi zamakono zake, anatumiza kachipangizo kovala pamkono ngati wotchi. Akuti kamamva pakhungu kuti madzi achepa m'thupi, ndiye kamalira, n'kutumizanso uthenga pa foni yake. Munkakonda kunena kuti chakudza sichiimba ng'oma, koma kameneka kamaimba ndithu. Ababa anakatcha kapitawo. Kakalira ankangoyankha mwaulemu kuti, "Ndamva, bwana," n'kupitiriza kuluka dengu lawo.

Ine ndinkathamanga ndi madzi m'kapu, kugwada, kuwaikira pambali. Iwo kuthokoza bwinobwino, koma osamwa. Madziwo ankafunda pomwepo mpaka anapiye kumwa. Kenako foni ya Fabiano: "Achemwali, kodi ababa mukuwapatsa madzi?" Mawu amenewo ankandilasa mtima, ngati kuti amene ali kutauni ndiye amawakonda kwambiri. Tinayesa thobwa, tinayesa madzi a malambe, iwo kungonyowetsa milomo. Maso analowa m'kati, ndipo ndinayamba kuganiza kuti akufuna kukutsatirani.

Lachiwiri lina masana ndinachokera kudimba kukhosi kuli gwa. Ndikulowa pabwalo, kapitawo analira. Kapu sindinaione, ndiye ndinatenga chikho chanu chija, chong'aluka pamlomo, chimene chinali chikhalire pa mtsuko kuyambira pa maliro. Ndinatunga, ndinakagwada pamaso pa ababa, ndipo chifukwa cha ludzu ndinayamba ndamwako ineyo ndisanaganize. Manyazi anandigwira. Ndinati ndidzuke ndikataye, nditunge ena, koma ndinaona dzanja lawo litatambasuka.

Anamwa onse, amayi, mpaka kupendeketsa chikho. Atapukuta pakamwa anati, "Amako ndiwo ankayamba kulawa. Chikwatiraneni, pakhomo pano sindinamwepo madzi osalawidwa."

Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira. Ine ndinakula ndikukuonani mukumwako musanawapatse, koma ndinkayesa mukuona ngati madziwo azizira. Nthawi zina, mundikhululukire, ndinkati ndi umbombo. Ababa akuti zinayamba mutangokwatirana, pamene anabwera kudzakhala kwanu kuno ali mlendo, akuopa kudyetsedwa mankhwala. Inu munalawa kuti muwachotse mantha. Mantha anatha kalekale, koma kulawako simunasiye. Madzi saiwala khwawa, si mmene munkanenera?

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze miyezi yonseyi. Anati, "Zinthu zina sapempha, mwana wanga. Ukapempha, zasanduka zina."

Tsopano kapitawo akalira timamwa awiri, ine kuyamba, iwo kumaliza. Ndikakhala kumsika amadikira ndibwere, ndiye ndayamba kuphunzitsa azakhali a ku Golomoti akabwera kudzacheza, ngakhale iwo amalawa mpaka theka. Khungu la ababa labwerera, ndipo dzulo anakangana ndi mbuzi za aneba ndi mawu amphamvu ngati kale. Fabiano akunyadira kuti kachipangizo kake kagwira ntchito. Sindimutsutsa, chifukwa popanda kulira kwake sindikanadziwa nthawi yotunga. Koma kamangodziwa kuti munthu wauma, sikadziwa chimene chamuumitsa.

Munkati, "Bambo anuwa ndi mbande ya tomato, ukaiwala kuthirira tsiku limodzi yafota." Tinkaseka, osadziwa kuti mukutisiyira ntchito.

Ndimakusowani, amayi, makamaka ndikagwira chikho chija, pakuti pamene pamafika mlomo wanga ndi pomwe pankafika wanu. Ndikulonjeza kuti malinga ndili moyo, ababa sadzamwanso madzi osalawidwa. Inunso mundithandize mbali yanu: ndikudziwa kuti mwawasowa, koma musawaitane msanga. Mdzukulu wanu akubwera pa Khirisimasi, ndipo ababa akufuna amunyamule.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina