Vinyo wa Bambo Salowa mu Ayezi

Ettore mwamuna wanga,

Mwakonza zoviika mu ayezi vinyo wotsiriza wa malemu bambo anga, kuti mlongo wanu Graziella atsitsire nsomba m'kutentha kwa Julayi kuno. Dzulo munandiseka kuti, "Ornella, m'mimba mulibe kalendala." Mukulakwa. Vinyo wa mphesa zoumitsa amadikira chisanu, nsima yathu ya polenta ndi nyama ya gwape. Womumwa nyengo yotentha amanyoza amene anamufulula.

Choncho ndamunyamula, ndapita kwa achimwene ku Tirano. Vinyo wopepuka wa chaka chatha ali pansi pa masitepe, ndiye woyenera nsomba. Pepani, nsombazo sindinapale, koma manja muli nawo.

Graziella ndamuuza kale pafoni. Akuti ndisadzapondenso pakhomo pake, ndipo ndavomera.

Ornella